Tsiku Limene Alamu Anagwira Fosholo

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa ndinagona chokhala nditatsamira sofa. Azimayi amene anachezera nafe pamaliro anali ngundangunda pa kapeti m'fulati ya malemu achemwali anga ku Woolwich, kuno kutsidya kwa nyanja, atafunda zitenje pamwamba pa majekete. Nyimbo tinaimba motsitsa mawu kuopa kusokoneza aneba.

Mmene kunkacha, mapoto anali kale pamoto kukhitchini ya kutchalitchi. Anthu anayamba kufika, ena pa basi, ena pa sitima, ena asanavule n'komwe yunifomu ya kuntchito. Kunja kunali mvula yowaza, yosakata.

Pabanja tinali titamanga mfundo imodzi: alamu anga, amene anasiya achemwali ali chidwalire n'kukakhala ndi mkazi wina ku Ilford, asayandikire bokosi la maliro. Mwana wawo wamwamuna, amene pano naye ali pabanja, anali asanalankhulane nawo chichokereni.

Alamuwo anabwera ndithu. M'tchalitchi anakhala kumbuyo kwenikweni. Kumanda anaima patali, pansi pa mtengo, opanda ambulera, ataonda moti malaya ankawakhwepa m'khosi.

Bokosi litatsitsidwa, ogwira ntchito kumandako anafuna kubweretsa makina okwirira. Tinakana. Kwathu munthu amakwiriridwa ndi manja a anthu. Anatipatsa mafosholo. Dothi la kuno ndi lomata, lolemera, ndipo azibambo athu, ozolowera mipando ya muofesi, anayamba kupuma mwawefuwefu manda asanafike ndi theka lomwe.

Mayi wina wachikulire wa ku Chipata anandikoka chitenje.

"Mwana wanga, uja nayenso alila," anatero, akuloza alamu. "Mkwiyo siuola, mawa muzaupeza ku nyumba. Manda ni ya lelo cabe."

Mwana wa achemwali anamva. Anayang'ana bambo ake kwa kanthawi, kenako anapita komweko, nsapato zikutitimira m'matope, n'kuzika fosholo pansi patsogolo pawo. Alamu anavula jekete. Anakwirira mpaka kumapeto, akulira mokweza ngati kamwana, ndipo palibe amene anawalanda fosholoyo.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munangoti zii. Ndinatsuka makapu, n'kusonkhanitsa maambulera amene anthu anaiwala. Alamu sindinawakhululukire, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatero. Mwana wa achemwali anaima pakhomo la khitchini, thalauzi likadali matope okhaokha.

"Anti," anatero motsitsa, "adadi sanadye."

Ndinapukuta m'manja, n'kuyamba kufunafuna kontena yokhala ndi chivindikiro.