Ndinabisa Mawu Otsiriza a Akulu Anga

Inu owerenga, ine ndinalanda chuma cha mwana wamasiye. Sindinathyole chitseko cha munthu. Ndinangonena bodza la mawu awiri pamaso pa abale, ndipo bodza limenelo landisiya ndekha mpaka lero.

Kwathu ndi ku Kasenengwa. Tinabadwa amuna awiri, ine ndi akulu anga a Petulo. Iwo anapita ku Halale akadali mnyamata, nabwerako ndi makina osokera, aja opukusa ndi dzanja. Anakhala telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Fort Jameson, namanga kanyumba ka njerwa kumapeto kwa tauni. Anakwatira a Natembo a ku Chipangali, ndipo anabereka mwana mmodzi yekha, Aginesi. Alamu angawo nawonso anaphunzira kusoka, moti madiresi ambiri a amayi a kutchalitchi kwathu ankasoka ndi iwo. Ine ndinkasankha fodya pa esiteti ya mzungu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkakadya kwawo. Nsanje ndinali nayo, koma ndinkaibisa.

M'zaka za nkhondo zija, amuna ambiri atapita ku usilikali, a Petulo anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Tsiku lina masana, alamu atapita kumsika, anandiitana pakhonde la nyumba yawo.

"Mng'ono wanga, mvula ikubwerayi sindiimaliza. Makina ndi nyumba zikhale za alamu ako, kuti Aginesi asaleke sukulu. Udzanene zimenezi kwa amalume."

Anandipempha kuti ndikaitane akatekisiti adzalembe mawuwo papepala, pakhalenso mboni. Ine ndinakana. Ndinati munthu wamoyo salemba za imfa yake, kumeneko n'kudzitemberera. Ndimadziuza kuti tsiku limenelo ndinalibe maganizo oipa, koma kunena zoona sindikudziwa. Anamwalira chimanga chili m'mawondo.

Patapita mwezi, abale anasonkhana kudzasudzula wamasiye. Pa mwambo wathu, katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake, pokhapokha mwiniwake atasiya mawu. Amalume sanali munthu wadyera. Anafunsa poyera ngati malemu anasiya mawu kwa aliyense, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana makina aja, ali pakona atafunditsidwa nsalu, n'kunena kuti, "Sanasiye mawu."

Alamu anali pamphasa, mutu wometa. Anadzutsa nkhope nandifunsa motsitsa mawu, "Alamu, tsiku lija ndinakupezani pakhonde, akulu anu ankakuuzani chiyani?" Ndinati tinkakamba za mankhwala. Sanafunsenso. Amuna awo anali atawauza zonse, koma mkazi wamasiye wopanda mboni akanamumvera ndani? Mboni yake ndinali ine. Anapatsidwa miphika, mphasa ndi zovala zawo, nakwera lole ya ku Chipangali. Aginesi anali ndi zaka khumi. Potsanzika anandigwadira monga ankachitira masiku onse.

Ndinasiya ntchito ya fodya, ndinalowa m'nyumba ija, ndinakakhala pakhonde la Mmwenye. Koma makina sasoka okha. Makabudula anga ankatuluka mwendo wina wautali, ndipo anthu amene ankasoketsa kwa akulu anga anasamukira kwa telala wina. Mkazi wanga, amene ankagwirizana kwambiri ndi a Natembo, anandifunsa kamodzi kokha ngati ndinanena zoona. Ndinamukalipira. Kuyambira pamenepo ankandiphikira, ankandichapira, koma kucheza kunatha. Chaka chachiwiri anapita kwawo kukathandiza kukolola, osabweranso. Mwana tinalibe.

Palibe amene anandinyoza, owerenga. Mwina zikanakhala bwino akananditukwana. Anthu ankangondipatsa moni n'kupitirira. Kutchalitchi ndinkakhala benchi ya kumbuyo, ndipo pokaulula machimo ndinkanena tina ndi tina, tchimo ili ndinkalilumpha. Ndikaweruka ku Misa ndinkabwerera m'nyumba ya akulu anga, kudya ndekha pamalo pomwe kale tinkakhala anayi, tsiku n'kutha osayankhula ndi munthu.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri ndinalephera kupirira. Ndinamanga makina aja panjinga, ulendo wa ku Chipangali. Alamu ndinawapeza akusenda nsawa m'lichero, atakalamba kuposa zaka zawo. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, nafunsa za kumudzi ngati mlendo wina aliyense. Ndinaulula zonse, ndinatinso nyumba ndi yawo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Maso anga anatha, alamu. Ulusi sindingaulowetsenso pa singano, ndipo kutauni ndikatani? Koma chimene chinandipweteka si makina. Aginesi wakula akuganiza kuti atate ake anamwalira osamukumbukira. Ine ndinamuuza kangapo, koma iye anamva ndi makutu ake inu mukunena kuti sanasiye mawu."

Ndinafunsa kumene mwanayo ali. Anati sukulu analeka chaka chomwe anachoka kutauni, anakwatiwa akadali wamng'ono ndi mwamuna wogwira ntchito ku migodi, ndipo kwawo sabwera. Makina ndinawasiya pakhonde pawo ngakhale analibe nawo ntchito. Iwo anandipatsa keyala ya mwana wawo, nandiperekeza mpaka pamsewu.

Inu abambo amene muli ndi nyumba, munda, ng'ombe kapena chida chimene banja limadyerapo, musadikire kudwala. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nenani zofuna zanu mkazi wanu ndi ana ali pomwepo, wodziwa kulemba alembe, mboni zidinde chala. Pepala lina asunge mkazi, lina munthu amene sadzapindulapo kanthu. Kulemba sikuitana imfa. Ine ndinati kumaitana imfa, ndipo ndinanama. Musasungitse mawu anu m'khutu la munthu mmodzi, ngakhale wobadwa naye bere limodzi. Akulu anga ankandikhulupirira, ndipo nanenso ndinkadziyesa munthu wabwino mpaka tsiku limene ndinafunsidwa. Ndipo inu amene mwasungitsidwa mawu, anenereni pomwe mwafunsidwa. Katundu mungadzabweze, koma sukulu ya mwana ndi zaka zake simungabweze.

Kwa Aginesi ndalemba makalata atatu, ndipo m'kalata iliyonse ndinaikamo mawu a atate ake monga anawanenera. Sindikudziwa ngati anafika, kapena anafika koma sanafune kuyankha. Lachisanu lililonse ndimapita ku positi kukafunsa, ndipo masiku ano kalaliki wa pamenepo amangopukusa mutu ndisanafike n'komwe pawindo.