Amene Anasiya Kubwera

Ku dipatimenti ya maphunziro a za maganizo, dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Sefa. Ofesi yawo inali kumapeto kwa khonde, yopanda zenera, fani ikulira ngati yadwala chifuwa. Ntchito yawo inali kusankhira ophunzira tesiti ya masamu yoyenera manambala a kafukufuku wawo.

Ali mnyamata ankafunsa bwinobwino: kodi anthu anu ndi omwewo mwawayeza kawiri, kapena ndi magulu awiri? Manambala apendekera mbali imodzi? Koma zaka zimafooketsa munthu, misozi ya ophunzira ndiye kuposa. Linatsala funso limodzi: "Mukufuna zituluke bwanji?" Tesiti ina ikakana ankayesa ina, mpaka ipezeke yovomera. Akatero ankaseka, amvekere, "Manambala ndi mlamu wako, ukamunyengerera sakana."

Chaka china kunabwera mayi wina wofufuza ngati kukambirana pagulu kumathandiza achinyamata ovutika maganizo. Ena anasiyira panjira, ndipo anali omwe aja anayamba ali ovutikitsitsa. Ukawawerengera, njirayo sinkaoneka yothandiza. A Sefa anawasefa onse, n'kusankha tesiti yoyerekeza okhawo amene anafika kumapeto. Zinatuluka zokongola.

"Nanga osiyawa anathera kuti?" anafunsa mayiyo.

"Zimenezo si za masamu, mayi."

Nkhani inapita, iwo n'kuiwala. Paja chaona mnzako chapita.

Tsono mwana wawo wamkazi, mzime, uja ankadzadza nyumba ndi phokoso, anayamba kudzitsekera kuchipinda. Mbale inkabwerera momwe yapitira. A Sefa, munthu wa nthabwala, anagwidwa mantha enieni, napita naye kuchipatala.

"Dokotala ali ndi mzere wautali," anatero mlangizi, "koma musadandaule, bambo. Tili ndi gulu lokambirana. Kafukufuku anasonyeza kuti limathandiza kwambiri." Ananyadira potchula amene anafufuza. Anali mayi uja.

A Sefa anafuna kunena, koma akanayambira pati? Anangothokoza.

Ankamuperekeza okha kugululo, n'kumadikira pabenchi panja. Chitseko chikatseguka ankaona mipando. Sabata iliyonse wina unkakhala wopanda munthu, ndipo mlangizi ankaukokera kukhoma kuti bwalo lisaoneke ndi mpata. Otsalawo ankatuluka akuseka. Mwana wawo ankatuluka womaliza, maso pansi.

Mmawa wina anagogoda kuchipinda kwa mwanayo, jekete ili kale m'manja.

"Mayi, nthawi yakwana."

Mawu anamveka chapansipansi, odekha moopsa.

"Adadi, musavutikenso. Ine ndasiya kupitako."

A Sefa anagwira chogwirira cha chitseko. Chinali chokhoma. Funso lija, limene anati si la masamu, linali kuseri kwa chitsekocho, ndipo kiyi anali mkati.