Shopu ya zithunzi yakwatitsa mwana wanga pawindo

"Chotsani chithunzi icho pawindopo."

Ndinanena kamodzi. Mwini shopu sanadzutse n'komwe mutu. Maso ali pa kompyuta. Akuti ndidikire, akumaliza makadi a ukwati a munthu wina.

Ndinadikira. Panja a kabaza akuseka. Wina akuti, "Apongozi a ku Nigeria afika."

Ndikulemba izi pa foni ya mlamu wanga kuti nonse a ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua mumve. Sindine munthu wa zolembalemba. Ndinalekera Sitandade 6. Ndimalima mpunga ku Bwanje. Koma izi ndilemba.

Mwana wanga Veronika ali ku India. Akuphunzira za mankhwala, chaka chachiwiri. Fizi anapeza thandizo komweko. Za kudya ndi pogona timathandizana ine ndi a mphakati wathu wa kutchalitchi, amene amasonkha kangachepe teremu iliyonse. Zimenezo sindiiwala.

Mwezi watha anaimba. Akuti Loweruka ndi Lamulungu anapita ndi anzake a m'kalasi kukaona mzinda wina waukulu wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Dzina lake limandivuta. Anakwera sitima. Atsikana anayi anagona chipinda chimodzi kuti asawononge ndalama. Anadya za m'misewu, tsabola wake mpaka kumuliza misozi. Chipitireni, aka kanali koyamba kutuluka m'tauni ya sukulu yawo. Ndinali ndisanamumve akuseka choncho chichokereni pano. Akuti, "Ababa, ndikufuna amayi aone kuti ndili bwino. Ndanenepa."

Foni yanga ndi ya mabatani. Zithunzi silandira. Kuno tonse tikudziwa mmene timachitira. Umapereka nambala ya shopu yochapa zithunzi, mwana amatumiza kumeneko, iwe umakatenga chochapachapa. Ndinachita zomwezo pa shopu ina pa Mtakataka. Dzina sinditchula.

Lachiwiri m'mawa ndinapita. Mwini shopu anandionetsa pa foni yake. Ndinaona ndi maso angawa. Anthu asanu ndi mmodzi, atsikana anayi, anyamata awiri. Kumbuyo kwawo chinyumba chachitali ndi madzi. Vero ali pakati. Mbali iyi mnyamata wamtali wa ku Nigeria, mbali inayo mtsikana wa ku Kenya atamukoleka dzanja paphewa. Ndinalipira K3,500. Akuti magetsi azima, ndibwere Lachisanu.

Lachisanu akuti inki yatha. Lolemba akuti mapepala sanafike kuchokera ku Salima. Ulendo uliwonse ndi wa njinga kuchokera kumunda, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Mbalame zikudya mpunga, ine ndili pabenchi la shopu.

Chithunzi changa inki kulibe. Cha pawindo inki inapezeka.

Mai ake a Vero ndi amene anayamba kuona. Anabwera kuchokera kumsika osagula kanthu, kulowa m'nyumba. Ndinafunsa. Akuti, "Pitani mukaone mwana wanu."

Ndinapita. Pawindo la shopu, chithunzi chachikulu ngati kalendala, mu felemu yonyezimira. Anthu anayi awadula. Atsala awiri, Vero ndi mnyamata uja. M'mbali monse maluwa ofiira, pamwamba mitima iwiri, pansi nkhunda. Dzanja la mtsikana wa ku Kenya latsala lokha paphewa, mwini wake kulibe. Aliyense woona akuti ndi la mwamunayo. Mwamuna wanji wopaka zikhadabo? Palibe akufunsa.

Ndi tsiku limenelo ndinati achotse. Nditadikira pafupifupi ola, mwini shopu anatembenuka.

Ndinafunsa anamupatsa chilolezo ndani. Akuti chithunzi chikalowa m'foni mwake ndi chake. Ndinafunsa anzake aja ali kuti. Akuti sakanakwana mu felemu, ndipo awiriwa ndi amene akuwala. Nanga mitima? Akuti ndi dizaini chabe, makasitomala amaikonda.

"Bambo, inu muzinyada," akutero. "Mwana wanu watibweretsera anthu. Onse a maukwati akufuna dizaini yomweyi."

Ndizinyada? Kodi ndinatumiza mwana ku India kuti akhale chikwangwani cha shopu yanu? K3,500 yanga ija inali ya chinkhoswe?

Ndinati chabwino, ndichapireni chenicheni chija, cha anthu onse. Anakanda m'mutu. Akuti foni inadzaza, anafufuta. Chodulidwacho ndiye anasunga. Akuti ndimuuze Vero atumizenso, si nkhani.

Kwa iye si nkhani. Vero ali mkati mwa mayeso. Ndimuimbire ndinene chiyani? Kuti tumiza umboni, kwanu kuno akukuzenga mlandu? Kuti ulendo wako wa masiku awiri wasanduka ukwati? Mwana amene anandiimbira akuseka uja? Ayi. Sindimuimbira za zimenezo.

Tsikulo anakana kuchotsa. Akuti felemu anagula ndi ndalama zake. Akuti windo silingakhale lopanda kanthu, ndidikire apeze china choikapo. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja. Mai ake a Vero kuyambira pamenepo kumsika sapita. Kuchigayo akutuma anthu.

Nkhani inali itafika kale ku Mua. Lamulungu titatuluka Misa, Mai Nachisale, apampando a mphakati wathu, anandiitanira pambali. Akuti anthu akudandaula. Akuti timasonkha kuti mwana aphunzire, osati aziyenda m'mahotela ndi amuna. Akuti akumana Lamulungu likubwerali kuti aone ngati apitirize kuthandiza, ndipo ine ndibwere ndi chofotokoza.

Ndinawauza kuti analipo asanu ndi mmodzi.

"Ife taona awiri, bambo a Vero."

Mundimve bwino. Sindikunyoza mphakati. Atithandiza pamene ena ankangoyang'ana. Koma Vero sanabe. Sanathawe sukulu. Mayeso onse a chaka chatha anakhoza. Anakwera sitima ndi anzake, anaona mzinda, Lolemba anali m'kalasi. Ena mwa inu oseka, ana anu akapita ku Salima Loweruka amabwera Lachitatu, ndipo palibe amaitanitsa msonkhano. Mwana akakhala kutali asatuluke? Azingokhala m'chipinda ngati nkhuku yofungatira, chifukwa wina anasonkha?

Ndipo ngakhale mnyamatayo akanakhala wake. Vero ndi munthu wamkulu. Akanandiuza yekha, malume ake akanamva mwa dongosolo. Osati windo la shopu.

Kumsonkhanoko sindipita kukagwada. Mlandu palibe. Akafuna kusiya asiye. Mpunga wa chaka chino ndigulitsa wonse. Mbuzi zilipo. Zikatha, njinga ilipo. Mwana amaliza sukulu.

Inu amene muli ndi ana kunja, ku Joni, ku Tanzania, kulikonse, chenjerani. Musamangopereka nambala ya shopu. Bwerekani foni ya m'bale wanu, mupite nayo nokha, muimirire pomwepo mpaka achape, muone akufufuta. Lero ndi Vero. Mawa ndi mkazi wanu ataima ndi mlamu wake pamaliro, amuikira nkhunda.

Ndipo inu achimwene a shopu, ndikudziwa muwerenga. Ndinu ndani wodula ana a anthu? Tsiku lina adzadula wanu.

Dzulo ndinabwerera kushopu kuja. Linali tsiku la msika, anthu pakhonde ali thithithi. Sindinapemphenso. Ndinalowa, kufika pawindo, kutsitsa felemu.

Mwini shopu anadzuka pampando. "Bambo, ameneyo ndi katundu wa shopu! Mukaswa galasi mulipira!"

Sindinaswe. Ndinatsegula kumbuyo ndi kampeni kanga, ndinasolola chithunzi, felemu ndinamuikira patebulo bwinobwino. Mawu anasintha. Akuti tikambirane ngati akuluakulu. Akuti andibwezera theka. Akuti kapena andijambule ine chaulere, ndidzabwere nditavala jekete.

Ndinakulunga chithunzi, ndinachiika m'malaya.

Pakhomo ndinakumana ndi Mai Nachisale, dengu lili pamutu. Anayang'ana windo. Anayang'ana ine.

"Ndiye Lamulungu tikawauze chiyani anthu, bambo a Vero?"

A kabaza anasiya kuseka. Mwini shopu ali pakhomo. Onse akudikira.

Ndinatenga njinga yanga, ndinaikankha kudutsa pakati pawo mpaka pamsewu.