Shuga Masupuni Atatu

Pamsonkhano wa kasungidwe ka chidziwitso, pa hotela ina pa Mulanje boma, ndinayankhula mokoma ndithu kuti tisataye nzeru za makolo athu. Anthu anawomba m'manja.

Nthawi ya tiyi ndinali kalikiliki kupatsana manambala a foni ndi mabwana ochokera ku Lilongwe. Wothira tiyi atadzutsa mutu, ndinaona kuti ndi azakhali anga a ku Limbuli, amene anandilera. Anandilonjera m'Chilomwe, akumwetulira.

Ine, tayi ali pakhosi, ndinangoti, "Zikomo, mayi," ngati sindikuwadziwa.

Sanandiyalutse. Anandithirira tiyi, n'kuikamo shuga masupuni atatu osandifunsa, monga ankachitira ndili mwana.

Mabwana aja palibe amene anandiimbirapo. Nambala ya azakhali ndili nayo, koma ndikuopabe kuimba.