Sitima ya zikopa ndi lole ya nandolo

Lachitatu lapitali atcheyamani a chipani china kwathu kuno ku Chiringa anandituma kwa amalume anga, a Muhiwa. Dzina la chipanicho sinditchula, chifukwa pa nkhani imeneyi onse ndi amodzimodzi, amangosiyana mtundu wa nsalu. Kuli chisankho chapadera, ndiye Lachinayi kunali msonkhano waukulu kuboma. Atcheya ankafuna amalume avale jasi lawo la usilikali, apachike mendulo pachifuwa, akwere lole pamodzi ndi ife, akaime pansanja pafupi ndi ofuna mpandowo kuti anthu aone kuti ngakhale omenya nkhondo ya Hitila ali mbali yawo.

Anawonjezera mawu amodzi akundiperekeza: mndandanda wa olandira sitata paki sunatsekedwe. Sanandiopseze ayi, anangondikumbutsa. Amalume zaka zikusendera ku makumi asanu ndi atatu, munda wawo ndi wa mchenga, ndipo popanda kathumba ka feteleza ndi mbewu kaja chimanga chawo chimathera m'mawondo.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti lole yake ndi iti. Ndinawauza kuti ndi ija imanyamula nandolo kupita ku Limbe, kungoti aitsuka n'kuimangirira mbendera.

"Mphwanga," anatero, "yoteroyo ine ndinakwera kale. Yanga inali ya pamadzi."

Ife a m'chigwa cha Phalombe madzi aakulu amene timawadziwa ndi a Chilwa, oyendamo pa bwato lokankha ndi mtengo. Ndiye tili ana, amalume akamakamba za sitima yotalika kuposa bwalo la mpira, tinkatsinana n'kumaseka chamumtima. Lachitatu lija sindinaseke, pakuti kanali koyamba kundiuza mbiri ya sitimayo kuyambira pachiyambi.

Akuti siinapangidwire nkhondo. Inali ya amalonda, yonyamula zikopa, thonje ndi khonje kuchoka ku Mombasa kupita ku Ulaya. Izi anawauza ndi Mswahili wina wophika, amene anakalambira momwemo. Nkhondo itavuta, boma la Angerezi linaitenga. Anaipaka utoto wotuwa, mazenera anawadetsa, kumbuyo anaikako mzinga umodzi, ndipo pansi pamene pankakhala mitolo ya zikopa anakhomapo matabwa osanjikiza katatu. Pamatabwa pamenepo ndi pamene anagonekapo anyamata a ku Nyasalandi, amalume ali m'gulumo, ulendo wa ku nkhondo ya ku Burma.

Fungo la zikopa silinachoke. Akuti munthu unkasanza osadziwa ngati chakusanzitsa ndi mafunde kapena fungolo. Azungu ankagona pamwamba pomwe panali mphepo. Anyamata aja ankawatulutsa kamodzi patsiku kukaona dzuwa, powabweza n'kuwawerenga pakhomo, mmene amawerengera matumba. Sitimayo itawatsitsa inabwerera kukatenga ena, ulendo wina inanyamula abulu a nkhondo, ulendo wina ovulala. Mnzawo wa ku Jenala, amene analembetsa naye tsiku limodzi, anafera pamatabwa omwewo pobwera kuchokera ku Burma, ndipo anamuponya m'nyanja atamusokera m'chiguduli. Mpaka lero abale ake alibe manda oti alozepo.

Chimene chimawapweteka kwambiri amalume si chimenecho. Nkhondo itatha, anakhala miyezi pafupi ndi doko la Mombasa kudikira chowatengera kwawo. Tsiku lina anaiona sitima yawo ija. Mzinga anachotsa, matabwa anazula, utoto anapaka watsopano wowala, ndipo inali kulongedzedwa khonje. Eni ake anali ataibwezeretsa pa ntchito yake msangamsanga, anthu amene inawanyamula akadali pansi pa mtengo kudikira.

"Sitima anaikumbukira kuti ili ndi mwini wake. Ife ayi. Kawauze atcheya kuti katundu uyu anatsika kalekale."

Ndinawachonderera, ndisaname. Ndinawakumbutsa za mchenga wa m'munda mwawo, za njala ya mu Febuluwale, ndi kuti kukwera lole si kuvota. Anangopitiriza kusenda chinangwa chawo. Ndinachoka nditakwiya, ndikunena mumtima kuti ukalamba wawalowa m'mutu.

Lachinayi ine ndinakwera. Inde, ine amene ndimakulemberani mlungu ndi mlungu za ufulu wa zipani zambiri, ndinakwera, n'kuima mothinana ndi azimayi obereka ana kumbuyo, mapazi akuterereka pa njere za nandolo zotsalira. Munthu wa chipani anaima pakhomo n'kumatiwerenga pokwera. Tinaimba njira yonse, tinawomba m'manja pamene anatiuza kuti tiwombe, dzuwa likutiswa pamutu. Msonkhano utatha cha m'ma fayifi koloko, akuluakulu analowa m'magalimoto awo. Lole yathu sinaoneke. Tinamva kuti mwini wake anaibwereketsa popita pokha, ndipo inali itapita kale kukakweza nandolo. Tinauyamba wapansi, ndipo mayi wina wachikulire tinachita kumusiya kwa achibale ake panjira miyendo itatupa.

Galu wamkota sakandira pachabe.

Tsono ndikufunseni, abale anga a ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi konse kumene mukuwerenga: tinavotera chiyani pa riferendamu paja? Kale ankatikweza mokakamiza, khadi la chipani lili m'thumba, ndipo tinkati chipani chimodzi ndiye vuto. Lero zipani zilipo zambirimbiri, malole achuluka, ndipo tikukwera tokha, mothamangirana. Wandale akafuna kuopseza mnzake sawerenga mijigo imene wakumba kapena milatho imene wamanga pa mitsinje yotsika m'phiri la Michesi. Amawerenga malole. Nkhondo ndi yawo, mpando ndi wawo, ife ntchito yathu ndi kudzaza kumbuyo.

Nanga feteleza uja ndi wa ndani? Kodi atcheya anagulitsa mbuzi zawo kuti amugule? Kodi pathumba paja palembedwa dzina la chipani? Chinthu cha boma, choyenera aliyense wosauka, chasanduka nyambo, ndipo ife tikudziwa, komabe tikumeza.

Loweruka mndandanda anauwerenga pabwalo la sukulu. Dzina langa linamveka. La amalume, limene chaka chatha linali pamwamba pa langa, analilumpha. Anthu anayang'ana pansi, palibe anafunsa, inenso sindinafunse. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Madzulo ake ndinatenga thumba langa pa njinga kupita nalo kwa iwo kuti tigawane. Ndinawapeza akututa manyowa a mbuzi ndi dengu kupita kumunda, pang'onopang'ono, akupumira panjira. Anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana mapazi anga amene matuza ake anali asanapole.

"Kathire m'munda mwako, mphwanga. Unamugwirira ntchito feteleza ameneyo."

Sananene mwachipongwe, n'chifukwa chake zinandilasa. Ndinatsitsa thumbalo n'kutenga dengu lachiwiri. Manyowa a mbuzi zinayi sangakwane munda wonse, ndipo tonse awiri tikudziwa kuti chaka chino nkhokwe yawo idzatha mvula isanathe. Akudziwa, ndipo sanasinthe maganizo.

Lamlungu likubwerali chipani chinacho chikutumizanso lole yake, ya mtundu wina, yonyamula njerwa. Ine sindikwera. Atcheya, ndikudziwa kuti nyuzipepala ino imakufikani, ndiye chaka chamawa langanso mulilumphe, cholembera ndi chanu. Koma nkhalamba ija khadi lake lovotera lili m'thumba la jasi lomwe munkalifuna lija, ndipo tsiku la chisankho akuti adzapita wapansi. Dzina lawo mwafufuta pamndandanda. Nanga chala chawo mufufuta ndi chiyani?