Machila Anali Okonzeka Kale

Galimoto isanabwere pa esiteti ya tiyi pomwe ndinkagwira, ine ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga, tinkanyamula bwana pa machila. Alamuwo ndiwo anali kapitawo wathu. Nkhondo ya Azungu ili mkati, bwana anagula galimoto yakutha kwa mnzake wa ku Blantyre, nandichotsa pa machila kuti ndiziitsuka ndi kuipukusa handulo. Anzanga onse anawatumiza kukapalira tiyi. Kuyambira pamenepo alamu ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Mmawa wina bwana anafuna kupita ku Boma. Ndinapukusa handulo mpaka phewa kuwawa. Injini inatsokomola, inaphulika ngati mfuti, n'kuzima. Nditatembenuka ndinaona alamu ndi gulu lawo ali pansi pa mtengo wa mbawa, machila atamangirira kale pamtengo wake. Palibe amene anawaitana.

Bwana anatukwana, nakwera machila. Alamu anayambitsa nyimbo yapaulendo, mawu awo ali okoma ngati kale.

Ndinatsegula boneti. Mawaya anayi opita ku mapulagi anali omangika bwino, koma awiri anali opingasana, ndipo fumbi la pamenepo linali ndi zidindo za zala. Pofuna kutsimikiza, ndinamasula mapulagi, ndinatseka bowo loyamba ndi chala, n'kupempha akhuki, ophikira bwana, kuti apukuse handulo pang'onopang'ono. Mpweya ukakankha chala, ndinkayang'ana waya amene wathetheka moto, ameneyo n'kukhala wa bowolo. Ndinatero mpaka onse anatha. Dzuwa lili pamutu, galimoto inalira bwinobwino.

Madzulo ndinawapeza alamu akuviika mapazi m'madzi ofunda.

"Alamu, machila aja munawakonzeranji mmawa muja?"

"Timawakonza masiku onse," anatero. "Galimoto yanuyo ndi nkhalamba. Inu ndi amene simutiona, maso amangokhala pachitsulo."

"Nanga mawaya amasinthana okha?"

"Ine mawaya ndiwadziwira kuti? Amene amagwira chinthucho ndinu."

Mmawa mwake ndinafunsa akhuki. Iwo anati n'zoona, machila amawaona atakonzedwa nthawi zina. Anawonjezanso kuti dzana lake anaona bwana mwini atawerama pa injini, kaliwo ali kukamwa. Koma akhukiwo ankamwa mowa limodzi ndi alamu, ndipo poyankhula sanasiye kupukuta mbale imene inali youma kale.

Bwana atandifunsa chinavuta n'chiyani, ndinangoti mawaya. Ndikanatchula munthu, kukanakhala chikoti, ndipo mchemwali wanga ndi ana ake akanathamangitsidwa pamalo a esiteti. Ndinamanga ulusi wamitundu yosiyana pa waya aliyense, ndi wofanana nawo pa pulagi yake.

Alamu tinakhala nawo zaka zambiri, tikudyera mbale imodzi ndi kukumbira limodzi manda. Nkhaniyo sitinaikambenso. Koma akabwera kudzandiona kuntchito, ndinkawayalira mphasa kukhitchini, kutali ndi kumene galimoto inkagona.