Azakhali Atsekera Amuna Awo Panja

Mwaswera bwanji nonse? Tamvani za kuno ku Mitundu lero.

Mwana wanga Tadala akuwerenga buku pafoni, nkhani yongopeka ya ansembe a mulungu wa imfa amene amasintha nkhope n'kufanana ndi m'bale wako kuti akuphe. Dzulo tikusankha fodya m'chigafa anatifotokozera yonse. Azakhali athu a Nabanda ankangomvetsera.

Masanawa amuna awo, a Phiri, afika kuchokera ku Nathenje atameta ndevu zonse, chitenje chatsopano chili m'manja. "Odi mayi, ndakugulirani kamphatso."

Azakhali kungowaona, anathawira m'nyumba n'kukhoma chitseko. "Bwererani komwe mwachokera! Amuna anga chikwatirane sanandigulireko ngakhale mpango."

A Phiri ananyengerera, anatchula mayina a ana onse, koma ayi ndithu. Mpaka anapsa mtima. "Iwe Nabanda, tsegula msanga, usanditopetse!"

Pomwepo chitseko chinatseguka. "Eya, awa ndiye amuna anga."

Ife kuseka mpaka misozi, koma a Phiri angokhala pansi pakhonde, chitenje chili pamwendo.

Ndiye abale, timulande Tadala bukuli, kapena tiwauze a Phiri azigula mphatso pafupipafupi mpaka azakhali azolowere?